Amayi Akubwerera Loweruka

Eriya 18, Lilongwe
9 Ogasiti 1995

Okondedwa achemwali a Jenifer,

Ndayamba ndi moni. Kodi muli bwanji kumeneko ku Maganga pamodzi ndi alamu a Yesaya? Mpunga munamaliza kupuntha? Ife kuno tilipo, kungoti ine tulo ndi tosowa.

Amayi anafika bwino. Tsiku lotsatira ndinawaonetsa zonse kuti asavutike: mpopi wa m'bafa, chimbudzi chogejemula, poyatsira magetsi. Ndinawayendetsa mpaka kugolosale, kutchalitchi ndi pokwerera basi yopita kuchipatala. Adokotala anawayeza diso lija, anati ndi ng'ala ndipo adzaichotsa pa 22. Tsikulo ndinalilemba m'malo atatu.

Koma achemwali, dengu la utaka wa ku Mbenji lija munawapatsiranji?

Kuno si kwathu ku Khombedza. Msika uli ndi malo ake, wotchingidwa ndi mpanda. Pamzere wathu pamakhala maofesala okhaokha, ndipo nyumba yoyang'anizana ndi yathu ndi ya a Binali, akulu a kuofesi kwathu. Chisinthireni boma aliyense akuyenda chonyang'ama. Anzanga awiri anasamutsidwa popanda kuuzidwa chifukwa. Nyumbayi ndi ya ntchito.

Lachinayi ndikuweruka ndinapeza amayi atayala chiguduli pageti, m'mphepete mwa tala, utaka uli milumilu. Ankaitanira ndi mawu awo aja a padoko, ntchentche zili ng'waa. Ndisanatsegule pakamwa, galimoto ya a Binali inaima. Akazi awo anatsitsa galasi, atagwira mphuno, n'kundifunsa kuti gogoyu ndi ndani.

Ndinayankha kuti ndi mayi wina wa kumudzi amene amatithandiza ntchito za pakhomo.

Maso a amayi ndiwo anafooka, makutu ayi. Anagwada pansi pomwepo, naomba m'manja, nauza mayi Binali kuti bwana Anderson anena zoona, awakhululukire, sadzachitanso.

Kuyambira tsikulo sanditchulanso dzina. Amandipatsa moni atagwada. Akukana kukhala pampando, amadyera kuseri pafupi ndi mpopi wa panja. Amalawirira kusesa bwalo lonse mpaka kumsewu, mwadala, nthawi imene a Binali akutuluka. Ana anga akawaitana kuti agogo, amawauza kuti asanamizire makolo awo. Dzulo ndinawapempha kuti asiye zimenezi. Anandifunsa ngati bwana akuwachotsa ntchito.

Ndalingalira mbali zonse. Ndikakaulula kwa a Binali, ndine wabodza pamaso pa mkulu wanga. Ndikakhala chete, amayi apitiriza mpaka mzere wonse udziwe. Choncho ndiwakweza basi ya m'mawa Loweruka. Mukawachingamire potsikira basi kwanuko, ku Kamuzu Road, nthawi ya 10 koloko, chifukwa sangathe kuwoloka msewu okha. Mankhwala odontheza m'diso ali m'thumba la kumanzere kwa chikwama, madontho awiri, katatu pa tsiku. Dengu lanu likubweranso.

Za pa 22 zija ndakafafanizitsa. Diso linalo likuonabe pang'ono, ndipo kumudzi njira zonse amazidziwa.

Pempho langa ndi ili. Anthu akafunsa, muziti achipatala ndiwo asintha tsiku. Amalume musawauze kanthu. Ndipo amayi akanditchula kuti bwana pagulu, chonde muwaletse. Inu amakumverani.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Mulungu akusungeni. Kalatayi mukawerenga muiotche.

Ndine mlongo wanu,
Anderson