Chitseko cha Galaja ya Abwana

Ku Esiteti, Thyolo
14 Julaye 2003

Okondedwa achemwali Anesi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nsabweko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno chiperoni chatizinga, koma matupi ali bwino. Mtima wokha ndiwo sukupeza bwino, ndipo ndilibe wina womuuza koma inu.

Nyumba imene kampani inatipatsa, bambo a Cathy atakwezedwa kukhala manijala ili ndi galaja ya chitseko cha magetsi. Ukadina kabokosi, chitseko chimakwera chokha. Galimoto ya kampani ndi yaitali, silowamo, choncho galajayo imangokhala yopanda kanthu. Alamu anuwo amatsegula pokhapokha kukabwera alendo, kuti aone.

Mukundidziwa, manja angawa anakulira pa nthochi. Alamu anu anandiletsa geni, ati mkazi wa manijala sagulitsa zinthu. Ndinavomera, pajatu wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Koma kukhala pampando tsiku lonse kuyang'ana minda ya tiyi pawindo kunandikwana. Ndinayamba kugula mikoko ya nthochi kwa amayi a ku Changata, n'kumavundika m'galajamo. Ndinkalowera pakakhomo ka kukhitchini, kumene abwana, alamu anuwo, sapondako. Pansi pali makoswe, ndiye ndinkapachika mikokoyo pazitsulo za kuseri kwa chitseko.

Tsiku lina anabwera ndi anzawo a kuofesi mosayembekezeka. Ndinamva ali panja akuti, "Taonani izi." Mota inalira, chitseko chinakwera pang'ono, chinanjenjemera, n'kubwerera pansi. Achemwali, ine ndinathokoza Mulungu.

M'mawa mwake anaitana a Malizani, amagetsi a pa esiteti, bambo wachikulire wa ana asanu. Ndinachotsa nthochi zonse asanafike, osati chifukwa ndinkadziwa kanthu, koma kuopa kuonedwa. A Malizani anapaka girisi m'njanji, anayang'ana sipuling'i, anayeza mphamvu ya magetsi. Atadina, chitseko chinakwera bwinobwino. Atapita ndinapachikanso. Loweruka lake abwana anayesa, chinakananso. Ndinachotsanso nthochi, a Malizani anabweranso, anamasula mota, anaipukuta, chinakwera. Ndinapachikanso, ndipo ulendo uno mikoko inali ikuluikulu. Abwana atadina pamaso pa alendo ochokera ku Blantyre, mota inatulutsa utsi n'kupseratu.

Apa m'pamene mutu wanga unatseguka. Mwana wa Sitandade 3 akanadziwa kale kuti ndi kulemera kwa nthochi, koma ine mbuli ndinkati ndi chinyezi.

Alamu anu anakalipa kuti a Malizani ndi aulesi, amangonama kuti akonza, ndipo aononga katundu wa kampani. Anawalembera lipoti. Ine ndinali pomwepo, ndikuthira tiyi m'kapu.

Madzulo ake a Malizani anabwera kukhomo la kukhitchini, chipewa chili m'manja.

"Madamu," anatero, "utomoni wa nthochi uja unali pazitsulo ndaupala. Musadandaule, palibe auone."

Kenaka anapitiriza.

"Kungoti mawa ku ofesi akandifunsa, ndikanene chiyani? Ine job imeneyi ndiye nyumba, ndiye sukulu ya ana."

Ndinawauza kuti apite, ndikonza ndine. Ndipo ndinayesadi, achemwali, musandiyese mfiti. Alamu anu atatha kudya ndinagwada pafupi ndi mpando wawo, ndinawauza zonse. Ndinkayembekezera kuti andizazira, mwinanso kundibweza kwa amayi. Ndikanakonda akanatero. Iwo anangotsitsa wailesi.

"Wauzapo ndani?"

"Palibe."

"Ndiye zithere m'nyumba muno. Report yapita kale kwa GM, bwana wamkulu. Ukufuna ndikaime pamaso pa management ndikanene kuti mota yapsa ndi nthochi za mkazi wanga? Andiseke mpaka ma plucker othyola tiyi?"

"Nanga a Malizani?"

"Ndi wamkulu kale uja, amayenera kupuma."

Ndikanatha kuvala nsapato m'mawa mwake n'kupita ndekha kuofesiko. Si patali. Ndinavaladi, ndinafika pageti, ndinaima, kenaka ndinabwerera. Ndinaganiza za banja langa, za Cathy, za mmene akazi a mamanijala akandiyang'anire kutchalitchi. A Malizani nawo sananditchule. Akuti anangonena kuti mwina manja awo akalamba.

Anawachotsa ntchito, ndipo nyumba ya kukompaundi atulukamo sabata yatha. Mota yatsopano yabwera kuchokera ku Limbe, chitseko chikukwera ngati kale, koma ine ndikamva kulira kwake ndimakumbukira a Malizani. Ndili ndi manyazi, achemwali, manyazi oti sindinawamvepo chibadwire.

Kwawo kwa a Malizani ndi ku Nsabwe komweko, kufupi ndi sukulu imene mukuphunzitsa. Ana awo awiri mwina alowa m'kalasi mwanu. Chonde muwayang'anire, asasowe kope.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Tikhala ndi kwa Vera. Amayi muwauze kuti ndili bwino, zinazi musawauze. Mukakumana ndi akazi a a Malizani, dzina lawo a Teleza, muwapatsenso moni. Tsiku losamuka ndinawapatsa chitenje, ndipo anagwada pansi kundithokoza, chifukwa amuna awo sanawauze kanthu. Akadzakuuzani kuti mng'ono wanu ndi munthu wabwino, chonde musavomere.

Ndine mng'ono wanu,
Keziya