Malaya Oyera a Bambo

Lachisanu, 9 Ogasiti

Tafika. Nyumba yobwereka m'mbali mwa phiri, khonde lalitali, kadziwe kosambiramo kuseri. Achimwene anati tibwere kuno tidzapume, Bambo apitidweko mphepo popeza angotuluka m'chipatala. Kupuma kwake n'kumeneku? Zikwama tisanatsitse n'komwe, alamu, akazi awo a achimwene, ayamba kale. Imani apa, yang'anani uko, sekani. Bambo miyendo ikunjenjemera, akufuna mpando, iwo ali dikirani kaye dzuwa lingalowe. Ndodo awalanda, aibisa kuseri kwa mphika wa maluwa. Akuti imawononga chithunzi.

Ine pa ulendo uno ndikufuna chinthu chimodzi. Chithunzi cha Bambo enieni, mmene alilimu. Adokotala anatiuza mosabisa kuti ulendo wina ngati uno tisauyembekezere. Ine ndikudziwa, achimwene ndi alamu akudziwa. Bambo sitinawauze.

Loweruka, 10 Ogasiti

Malaya oyera banja lonse, ogula alamu. Tikuoneka ngati kwaya. Malaya a Bambo awakulira kwambiri, anagula potengera thupi lakale. Ndiye awapanira kumsana ndi mapegi oyanikira zovala. Telala, munthu amene wasoka masuti moyo wake wonse, lero mapegi kumsana. Iwo akungomwetulira kamera ngati palibe kanthu.

Dzira lawo lazizira patebulo, alamu ankalijambula pamodzi ndi kapu ya tiyi. Adya theka. Mankhwala amwa mochedwa. Ana a achimwene alira, akufuna kukasambira, auzidwa kuti tsitsi lingawonongeke.

Ndadandaula kwa achimwene. Yankho lawo: "Asiye, mlongo, aliyense ali ndi kakondedwe kake." Akuyankha maso ali pafoni.

Lamulungu, 11 Ogasiti

Zithunzi aziponya pagulu la banja la pafoni. Ndaziona. Masaya a Bambo odzaza bwinobwino, makwinya onse asalazidwa, khungu ngati la khanda. Maso achikasu aja ayeretsedwa. Ngakhale chipsera cha pachala, pamene inawabaya singano ya makina ine ndili mwana, chachoka. Munthu amene ali pamenepo sindikumudziwa.

Azakhali alemba kale kuti achira ndithu, anenepa. Achira! Abwere adzawasambitse ngati mmene ndimachitira ine, aone madzi akudikha m'maenje a paphewa. Zandinyansa. Chakudya chamasana sichinalowe, ndangomwa madzi.

Bambo atsokomola masana onse. Palibe amene wajambula zimenezo.

Lachiwiri, 13 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Tinayambana ndi alamu kukhitchini, mbale zili m'manja. Ndinawalasa kuti akujambula munthu amene kulibe, kuti anthu awayamikire pafoni. Ndimayembekezera kuti andibwezera. Iwo misozi mbwembwembwe, n'kungoti, "Mukafunse eni ake." Misozi yapafupi imeneyi ndatopa nayo. Madzulo tinadya osayang'anana.

Koma lero changa ndachipeza. Onse anapita kukadziwe. Ndikutuluka ndi tiyi, Bambo ali pakhonde okha, malaya oyera aja avula, ali pamiyendo. Akuwabweza m'mbali kuti awakwane, ndi singano ya m'kachitini kamene sakasiya kulikonse. Magalasi pansonga ya mphuno, ulusi kukamwa, nthiti zonse pamtunda, ndodo yatsamira pabondo. Zala zimene zimalephera kugwira supuni, pa nsalu sizikunjenjemera. Ndinaika tiyi pansi, ndajambula osawauza.

Ndachiyang'ana kambirimbiri. Awa ndiye bambo anga. Aka n'koyamba kupuma chifikireni kuno.

Lachitatu, 14 Ogasiti

Bambo ndawaonetsa chithunzi chija. Ndimati asangalala.

Anaigwira foni nthawi yaitali, akuyandikiza kumaso, akutalikitsa. Kenako anafunsa mwa nthabwala zawo zija kuti, "Mkulu ameneyu afika Khirisimasi?"

Akudziwa. Akuti anadziwa tsiku lomwelo kuchipatala, atangoona mmene ndinkapindira thaulo lopinda kale. Ndipo za zithunzizi anapempha okha. Anawaitanira alamu pambali tisananyamuke, kuti ndodo isaoneke, masaya awadzaze, maso awayeretse. Akuti adzukuluwa akadali aang'ono, agogo awo adzawadziwira pazithunzi basi, ndiye asadzaone chigoba. Za mapegi anaseka, akuti zokhazo n'zimene zinawachititsa manyazi, n'chifukwa chake anatenga singano.

Mawu awo omaliza sakundichoka m'mutu: "Iwe mwanawe wandiona zonse, wandisambitsa, wandipukuta. Zakwana. Ichi ufufute."

Ndatuluka, ndakakhala kuseri kwa nyumba pafupi ndi chingwe choyanikira. Nseru ija ikadalipo, koma tsopano sindikudziwa kuti ndiilavulire ndani. Alamu anandipeza pomwepo, anangoyanula zovala za ana n'kubwerera m'nyumba. Bola akanandinyoza.

Komabe zithunzi zawozo n'zabodza. Zimenezo sindisintha.

Lachinayi, 15 Ogasiti

Tsiku lomaliza. Malaya awakwana ndendende, opanda pegi ndi limodzi lomwe. Anayenda nawo pakhonde akudzionetsa, kolala ali chilili. Alamu anandipatsa kamera yawo kuti nawonso alowe pachithunzi. Ndodo ndinakaibisa ndine. Ndinawauza onse kuti aseke, anasekadi, Bambo kuposa onse, dzanja lili paphewa la achimwene kuti asagwe. Chatuluka bwino. Alamu achikonzanso, ndikudziwa, ndipo sindinena kanthu.

Tikulongedza, Bambo anandikodola. "Wafufuta?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anandisisita pamkono, kuti zikomo.

Sindinafufute. Chikadali m'foni, foni ili pabedi pompano. Ndatsegula, chala chafika pa kabatani, chabwerera. Akufuna adzukulu adzakhale ndi agogo onenepa, chabwino. Nanga ine ndidzatsala ndi ndani? Munthu wa ulusi kukamwa uja ndi wanga. Koma thupi ndi lawo, ndipo anapempha mwaulemu, munthu amene sanandipemphepo kanthu.

Galimoto ailiza kale. Akundiitana pakhonde. Bambo akufuna ndodo yawo, ndipo amene akudziwa pomwe ili ndine ndekha.