Kumeta Bambo Ali Moyo

LACHIWIRI

Sugna 09:12
mafuta a mpiru aja anafika? amayi akuti uzipaka m'mutu osadumphitsa

Bhanwar 09:40
anafika jiji, achemwali anga. ndi omwewo andimaliza

Sugna 09:41
iii bwanji?

Bhanwar 09:44
adokotala a pa camp akuti mfundu wangawu umakonda mafuta, ndimachita kuwudyetsa. ndye thukuta la mu helmet, ine nkumakanda. pano zilonda zokhazokha, mafinya mpaka mu ndevu zapamlomozi

Sugna 09:45
kkkk ndevu zija umazipotokola ngati nyanga za mbuzi?

Bhanwar 09:46
musaseke, mu platoon tilipo ambiri. anzanga ameta kale akupaka mankhwala. ine ndakana

Sugna 09:47
wakana chani?

Bhanwar 09:50
mpala jiji. mutu ndi ndevu zonse. kwathu mwana amameta choncho bambo ake akamwalira. bapu ali moyo, ndiwachitire malodza ine?

Sugna 09:51
ukapanda kumeta?

Sugna 10:30
Bhanwar?

Sugna 15:05
iwe ndikuona wawerenga

LACHITATU

Bhanwar 07:20
sorry ndinali ndi fever, kuseri kwa makutu kwatupa. akuti ndikalimbalimba zilowa m'magazi, andigoneka. musawauze bapu plz, ndikuopa

Sugna 07:22
ndawauza dzulo

Bhanwar 07:22
JIJI

Sugna 07:23
ndine chemwali wako wamkulu, ukandisumire kwa a colonel. dikira, akupukuta m'manja, amakama njati zathu zoweta zija

Sugna 07:31
🎤 mawu a Bapu, 0:34
"Ikujambula imeneyi? Bhanwar! Ndine bambo ako, ndili moyo, ndadya chapati zanga bwinobwino. Amene adzandiitane ndi Mulungu, osati lumo la msilikali. Ndevu zimamera, chitsiru iwe. Pita ukamete lero lomwe, unditumizire chithunzi. Anzanga onse anapita osaona mitu ya ana awo pamaliro. Ine ndikufuna ndiuoneretu wako, ndidziwe ngati udzandichititse manyazi."

Bhanwar 07:40
anenadi zimenezi??

Sugna 07:41
wamva wekha. amayi akuti mafutawo muphikire ndiwo

Bhanwar 11:58
📷 chithunzi

Bhanwar 11:58
ndi uyu mwana wanu. mankhwala akuwawa ngati tsabola

Sugna 12:03
mayo ine kkkkk dzira lophika

Bhanwar 12:04
bapu akuti chani

Sugna 12:06
aseka mpaka kutsokomola. akuti makutuwo si a kwathu

Bhanwar 12:07
apatseni foni ndiwayankhe

Bhanwar 12:25
jiji?

Sugna 13:10
ndikulemba pa foni ya mlamu wako. yanga bapu alowa nayo kuchipinda, atseka chitseko. sanatulukebe