Ahedi Athu Akupuma, Amayi

Okondedwa Amayi,

Ndiyambe ndi mwendo uja: kodi ukukulolani kugona? Achimwene akuti mankhwala mumamwa pokhapokha iwo akakuimirirani. Ine kuno ndili bwino, kungoti mawu asasa ndi fumbi la choko.

Nkhani ya kuno ndi yakuti ahedi athu akupuma pantchito teremu ino ikatha. Ana anawapatsa dzina loti a Obwereza, chifukwa amakonda kudzipanikiza pa desiki ya kumbuyo m'kalasi, mawondo ali m'mwamba, ngati mwana amene analephera mayeso.

Iwo asanabwere, maphunziro a aphunzitsi tinkawadziwa bwino ife. Tinkapita, n'kuwomba m'manja, n'kubwerako ndi satifiketi. Anatiphunzitsa kukhazika ana m'magulu, ndipo tinkawakhazikadi, tikangomva galimoto ya oyendera sukulu pageti. Ana anafika pozolowera, moti tsiku lina anatembenuza madesiki onse chifukwa cha lole ya mchenga.

A Obwereza atabwera n'kuziona zimenezi, sanakalipe. Anangotenga choko n'kuphunzitsa okha, ife tili kumbuyo, kenako anatifunsa pamene alakwitsa. Ndani angauze bwana kuti phunziro lake lagonetsa ana? Anaumirira mpaka tinawauza, ndipo anaseka. Kuyambira pamenepo, Lachinayi lililonse mmodzi amaphunzitsa enafe tikuonerera, kenako timakambirana. Ana amene ankangoyang'ana pansi pano amatsutsana nane, ine mwana wanu wa ku koleji.

Mwezi watha ahedi anagonekedwa m'chipatala. Lachinayi litafika, aliyense anapeza chomudwalitsa: wina dzino, wina maliro a munthu amene ndikukayika ngati ankamudziwa. M'chipinda cha aphunzitsi tinatsala awiri, ine ndi bambo a masamu, aimvi, amene poyamba ankati sangaphunzitsidwe ntchito ndi ana obadwa dzulo. Nanenso ndinayamba kulongedza. Iwo anandigwira mkono, n'kunena kuti ana awo sakumva masamu ogawa, ndipo iwo eni sakudziwa pamene akuwatayira, choncho ndipite ndikawaonerere akuphunzitsa. Ananena motsitsa mawu, maso ali pawindo. Ndinapita, Amayi.

Ahedi atatuluka m'chipatala n'kumva zimenezi, anandiitana. Anati amene akubwera m'malo mwawo sadzalipeza Lachinayi lathuli m'malamulo, adzalipeza pokhapokha anthu akulichita. Andipempha kuti ndiziliyendetsa ine.

Tsono khalani pansi kaye. Ndinalonjeza kuti chaka chino ndipempha kusamukira kusukulu ya kufupi ndi kwathu, kuti ndizikuperekezani kuchipatala. Sindinaiwale, ndipo ndikudziwa kuti mwauza kale aliyense wodutsa pakhomopo. Pempho langa ndi lakuti mundilole ndikhale kuno chaka china. Ndikachokera limodzi ndi ahedi, bambo aja adzatsala okha m'chipinda chija, ndipo munthu ngati iwo sapempha kawiri.

Koma mukati ndibwere, ndibwera, ndipo sindidzanyinyirika. Chokhacho, musandiyankhe kudzera mwa achimwene, amathira madzi mawu anu. Mundiuze nokha, ngakhale mokalipa.

Moni kwa achimwene, alamu anga ndi ana. Azakhali muwauze kuti nkhani ya banja ndinaimva, ndipo ndikuiganizirabe mofatsa kwambiri.

Ine mzime wanu,
amene munkati sadzatha kukhala malo amodzi