Wailesi Yakale ya Apongozi Ndinaisiya kwa Mmisiri

Aphungu,

Ndikulemba chifukwa chimene ndinkayesa mphatso chagwetsa maliro achiwiri m'banja la mkazi wanga.

Apongozi anga aamuna ali ndi kagalimoto kakale kamene amakasamala kuposa nsapato zawo za kutchalitchi. Mwezi wathawu anachitidwa opaleshoni ya maso, adokotala n'kuwaletsa kuyendetsa kaye. Anandipatsa makiyi kuti ndizikayendetsako, kuopa kuti batire lingafe. Ine mkamwini kupatsidwa makiyi amenewo, ndinadziona kuti ndine munthu.

Chondinyansa chinali wailesi. Inali ya makaseti, batani lotulutsira lothyoka, ndipo m'kati munakakamira kaseti imodzi. Ukangoliza galimoto inkayamba yokha: kwaya ya amayi, mawu akumveka patali, pamwamba pake phokoso ngati mvula pa malata. Mumtima ndinati mkuluyu wavutika mokwanira, ndimudabwitse. Mkazi wanga sindinamuuze, poti iye nkhani yabwino saigonetsa.

Ndinapita kwa mmisiri wina woika mawailesi, amene kashopu kake kali kuseri kwa malo otsukira magalimoto. "Bwana, yanu ndi iyi," anatero, akuloza ya sikirini yaikulu ngati mbale. "Onani manambala pa katonipa. Ikalira iyi, agalu a mumsewu wonse amasamuka." Ndinagula osaimvera n'komwe. Anadula mawaya ndi pulayala, n'kukankhiramo yatsopanoyo, yakale ija n'kuiponya m'bokosi pansi pa tebulo. Ataona kuti ndikuiyang'ana anati, "Yakale imatsala kuno, bwana, ndi mmene timachitira. Kapena mukufuna mukaphikire?" Tinaseka tonse awiri.

Tsiku lobweza galimoto apongozi anakhala mpando wakutsogolo, ine mano onse pamtunda. Nditaliza injini sikirini inawala, nyimbo ya m'foni mwanga n'kugunda mpaka zitseko kunjenjemera. Iwo anapapasa pamene panali mabatani akale, kenaka anafunsa motsitsa mawu: "Akamwini, nanga amake ana mwawasiya kuti?"

Ndinayesa kuti mankhwala a kuchipatala awazunguza mutu. Koma mkazi wanga, amene anaima pawindo la galimotoyo, anagwira pakamwa, misozi ili chuchuchu. Ndi iye amene anandiuza kuti wotsogolera nyimbo pa kaseti ija ndi malemu mayi ake, ndipo palibe penanso pamene mawu awo anajambulidwa. Bambo akewo ankakana kuti wailesiyo ikonzedwe poopa kuti kaseti ingadukire m'kati, ndipo m'mawa ankakonda kukhala m'galimotomo ngakhale alibe kopita. Ine ndinalowa m'banjali mayiwo atamwalira kale, mawu awo ndikanawadziwira kuti?

Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi bodza: "Ili kwa mmisiri, akuichotsa fumbi."

Ndinathamangira kushopu kuja, bokosi lili mbee. "Ija? Inapita tsiku lomwelo," anatero mmisiri. "Anatenga bambo wina wa lole ya mchenga, amati bola ikulira." Dzina sakulidziwa, nambala ya foni alibe.

Chondipweteka china, yatsopanoyo simveka bwino n'komwe, ukakweza pang'ono zitseko zimangopwepwera. Mkazi wanga amanditsira madzi osamba osandiyankhula, ndipo apongozi amafunsa nthawi zonse ngati fumbi lija latha. Kodi ndiwagulire ina yomveka bwino koposa kuti mtima wawo utsike? Ngati ndi choncho, yabwino amaisankha bwanji? Kapena ndizingonena kuti ikukonzedwa mpaka aiwale?

F. N., wa m'tauni muno

Bambo F. N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kukamwa kuli yasa. Mtima munali nawo wabwino, koma safunsa anadya phula. Chinthu chakale chimene mwini wake amachisamala chonsecho n'kumakana kuchikonza, dziwani kuti pali chifukwa.

Aiwale? Munthu amene amakhala m'galimoto yoima kuti amve mawu a mkazi wake saiwala. Bodzalo lithe lero. Pepesani kaye kwa akazi anu, chifukwa nawonso mwawachotsera mayi wawo. Kenaka mutengane mukakhale pansi pamaso pa apongozi, munene zonse mmene mwandilembera inemu, osakometsera. Akakalipa, landirani. Akangokhala chete, musadzaze malowo ndi malonjezo.

Mukatero yambani kusaka. Kwa mmisiri musapite ndi ukali, chifukwa nkhope ya wogulayo akuidziwa ndi iye yekha. Mufotokozereni chimene chili m'wailesiyo, mumusiyire nambala yanu, ndipo mumuuze kuti wa lole akabwera kuti amuchotsere kaseti yokakamirayo, asaisolole ndi chitsulo. Malole a mchenga ali ndi malo awo odikirira makasitomala m'mawa, ndipo madalaivala ake amadziwana. Kafunseni kuti ndani waika wailesi yoimba kwaya ya amayi yosasintha. Ndikhulupirireni, anzake ayamba kale kumuseka nayo. Akazi anunso afunse amayi amene ankaimba ndi malemuwo, poti kwaya ikajambula situlutsa kaseti imodzi yokha, mwina ina ili m'sutikesi ya wina.

Mukaipeza wailesiyo, ipite kwa munthu wodziwa kutsegula wailesi bwinobwino, nyimbozo azisamutsire pa fulashi ndi m'mafoni a ana onse. Apo ndiye wailesi yatsopano idzakhale ndi ntchito, koma ngati apongozi afuna okha. Akati bwezerani yakale, bwezerani.

Za kasankhidwe, poti mwafunsa. Manambala akuluakulu a pa katoni ndi nyambo chabe, amanena za mphamvu ya kamphindi, osati imene wailesi imatulutsa nthawi zonse. Yeniyeniyo imalembedwa ndi timalemba tating'ono m'kabuku kake, ndipo ndi imene muyenera kuyerekeza ndi masipika anu. Kukula kwa sikirini sikuwonjezera kukoma kwa mawu. Imvereni musanagule, ndi nyimbo imene mumaidziwa bwino, pa mlingo umene mumamvera masiku onse, ndipo muone ngati ili ndi posinthira mawu okhuthala ndi opyapyala. Kupwepwera kwa zitseko kukusonyeza kuti masipika akale ang'ambika kapena akhwepa, ndipo pamenepo ngakhale wailesi yodula bwanji singathandize. Kwa munthu wa maso ovuta, batani lozunguza limene dzanja limalipeza lokha liposa galasi lofuna kuyang'ana. Mmisiri wabwino amalumikiza ndi pulagi yoyenerana ndi galimoto, sadula mawaya, ndipo chimene wachotsa ndi cha mwini galimoto, osati cha pansi pa tebulo lake.

Koma musathamangire kusitolo. Kugula wailesi ina panopa n'kuwauza apongozi kuti simunamvebe chimene chatayika. Ndipo musadikire tsiku lopuma. Wa loleyo sakudziwa kuti akuyenda ndi ndani, ndipo tsiku limene kwayayo idzamutopetse, adzaizula kasetiyo ndi sikuludiraiva n'kuiponya pawindo.

Aphungu