Yamikani Wagwetsa Munthu M'bwalo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno ku Hamilton tilipo, miyendo yokhayi ndiyo ikundivuta.

Mwana wathu Yamikani wayamba kusewera mpira wa kuno wogwetsana, wovala mahelemeti, mutimu inamusankha ija. Amuika kumbuyo kwenikweni, malo omwe amati sefite. Mdani akadutsa anzake onse, woti amugwetse ndi iyeyo.

Loweruka ndinapita kukaonera. Mnyamata wa timu ina anawakha mpira n'kuliyatsa liwiro. Yamikani anamuwomba ndi phewa pachifuwa, kuti khuu! Helemeti inagubuduzika, mwana wa eniake n'kugwa chagada, magazi akutuluka m'kamwa. Anthu ankakuwa mosangalala mpaka pamene anamunyamula pamachira. Ine, namwino wozolowera magazi, ndinangogwira pakamwa.

Masewera atatha, Yamikani anandiuza kuti, "Mami, kochi akuti malo aja ndi anga tsopano." Kenako anatsitsa mawu: "Koma mnyamata uja watsitsimuka?"

Tamva kuti wathyoka nthiti, koma akuyankhula. Chonde muimbireni foni Yamikani, paja inu malume ake amakumverani. Popemphera muziwatchula onse awiri.

Ambuye akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati