Thumba Lomaliza la Makala Anu

Amayi, kumene muliko kukucha bwanji?

Ndine Tadala. Ndakhala pakhonde pathu pano ku Chinsapo, pa kampando kanu kogwedera kaja. Ndiyambe ndi za pakhomo, poti munkadana ndi munthu wofikira pa mavuto asanapereke moni.

Mpongozi wanu, mkazi wa Yohane, ali ndi mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, kulira kwake nakonso ndi kwa munthu wosafuna kutsutsidwa. Chimanga cha kamunda kanu ka kumtsinje chinachita bwino, kungoti anthu anatithandiza kukolola tisanawapemphe. Mpanda wakuseri unagwa ndi mvula yomaliza ndipo mbuzi za aneba zikulowa ngati kwawo. Pamsewu paja munkagulitsira makala pali mayi wina wa tomato tsopano. Makala anu linatsala thumba limodzi, ndipo mpaka dzana palibe amene analikhudza.

Nkhani yanga ndi ya achemwali a Esnart. Kuyambira pomwe ndinabwera sankandilankhula, ngakhale tikugona nyumba imodzi.

Uthenga wa imfa yanu unandipeza pakati pa nyanja yamchere, m'sitima ya kafukufuku ija. Kumtunda kunali kutali, ndipo sitima sibwerera chifukwa cha munthu mmodzi. Pomwe ndinkafika kuno anali atakuikani kale, ometa tsitsi litayambanso kumera. Mwambo mukuudziwa: wobwera mochedwa pa maliro amayambira kulira kumsewu, apakhomo n'kutuluka kudzamulandira ndi kulira komweko. Nditatsika pa kabaza amayi onse anatulukadi, achemwali patsogolo. Ndinatsegula pakamwa koma sipanatuluke kanthu. Ndinangopereka moni n'kufunsa poika chikwama. Kumanda nakonso ndinangoima n'kumawerenga dzina lanu pa mtanda. Achemwali, amene anakudwazikani okha mpaka mapeto, anauza azakhali kuti sukulu inandiumitsa mtima.

Mwina akunena zoona, sindikudziwa. Ndimadya, ndimachapa, ndimagona tulo tabwinobwino, ndipo m'kati mwangamu muli zii.

Mukukumbukira tizilombo tanga tija? Nditakuonetsani chithunzi chake pa foni munaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga waphunzira zaka zonsezi kuti azikawedza nsabwe za m'madzi." Ndinakufotokozerani kuti utsi wa mbaula suthera m'mwamba. Wina nyanja imamwa, tizomera ting'onoting'ono toyandama pamwamba pa madzi n'kutengamo kaboni, yemweyo amene ali m'makala. Kukada tizilombo tija timakwera kudzadya tizomerato, kukacha timatsikira pansi ndi zomwe tadya, ndipo zitosi zake ndi mitembo yake zimamira kukakhala kumeneko zaka zambirimbiri. Inu munangoti: "Ndiye uziwauza kuti wowadyetsa ndine."

Pali china chimene sindinakuuzeni, chomwe chinatitengera ulendo umenewu. Pansi pa nyanja pali malo ena amene madzi ake alibe mpweya wokwanira. Nsomba zambiri sizingakhalitseko, zimabanika. Tizilomboti ndiye timakabisala komweko masana onse. Timachepetsa kupuma, timachepetsa kuyenda, thupi lonse limangokhala ngati lazima. Sitinafe, koma moyo wake ndi wongogwirizira. Ife tinkafuna kudziwa kuti tizilomboti tikakhala choncho, kaboni amene timatsitsa amachuluka kapena kuchepa, chifukwa malo oterewa akukulirakulira pamene nyanja ikutentha.

Ntchito yanga inali yoyeza mpweya m'madzi amene tatunga pansipo. Pambuyo pake Yohane anandiuza kuti sabata yomweyo inu munali m'chipatala, paipi ya mpweya ili m'mphuno, chifuwa chija chitakana. Ine ndinkalemba manambala a mpweya wa nsabwe. Ndikaganiza zimenezi ndimadikira kuti mtima uwawe, koma umangokhala phee ngati tizilombo tija masana.

Dzana magetsi anazima madzulo, ndipo makala ogula anali atatha. Mwana wa achemwali anali asanadye. Ndinamasula thumba lanu lija. Mfundo yake inali yanu, yokhotakhota ija imene inkatisowetsa mtendere tili ana. Makalawo anali atakoka chinyezi, ndiye ndinaika timapepala ndi tinkhuni n'kuwerama kuuzira. Munkanena nthawi zonse kuti: "Tadala, moto sauzira utatsegula maso." Ndinaiwala. Utsi unandilowa, misozi n'kuyamba kutsika mpaka kuchibwano.

Achemwali anatulukira pakhomo nthawi yomweyo. Anaona thumba lanu lotsegula, anaona nkhope yanga. Anataya beseni, anandikumbatira, n'kuyamba kulira maliro aja anandisungira kuyambira tsiku la kabaza. Ankanditchula dzina la paubwana, akundisisita kumsana. Aneba anabwera, ena n'kumathokoza Mulungu kuti mwana wamasuka.

Amayi, inu sindingakunamizeni. Unali utsi chabe. Ndinawagwira achemwali mwamphamvu, maso ali pa mbaula, ndikuganiza kuti moto uzima. Sindinawauze ndipo sindidzawauza. Dzulo anandipangira tiyi, lero tinapita limodzi kumsika, akundisimbira za masiku anu omaliza, kuti munkafunsa ngati m'sitimamo amatipatsa chakudya chokwanira. Ndili ndi m'bale mmodzi wamkazi ndipo ndinatsala pang'ono kumutaya. Mwandibwezera ndinu, ndi makala onyowa.

Tizilombo tija, dzuwa likalowa, timakwera. Si tonse, tina timatsalira pansi pomwepo, koma tambiri timakwera ndithu. Ine sindikudziwa kuti kwanga kudzada liti. Makala otsalawo ndamanganso, ngakhale mfundo yanu yandikanika.

Ndimakukondani, Amayi, ngakhale pakali pano ndikungozidziwa m'mutu ngati mmene ndimadziwira dzina langa. Misozi yanuyanu mukadali kuidikira. Tsiku limene idzabwere, kaya ndili kuno kaya ndili panyanja, ndidzafika nayo pamanda panu, ndipo ndidzayambira kumsewu.

Ndine mwana wanu,
Tadala